Dokotala Anafuna Mboni

Akazi anga anachoka pakhomo m'nyengo yozizira. Sitinakangane. Anamanga zovala zawo m'chitenje, anatenga Baibulo ndi kampoto kawo ka tiyi, n'kunena kuti akupita kwa mwana wathu wamkazi ku Area 47 kukapuma. Ine ndinali panja, ndikupala thabwa. Ndinati, "Chabwino." Sindinadzutse mutu. Ndinayesa ndi za mlungu umodzi. Mvula yoyamba inagwa asanabwere.

Ndine kalipentala. Tsopano mutu wonse ndi imvi. Ndinafika mu Lilongwe ndili mnyamata, pamene boma linkasamutsa likulu kuchoka ku Zomba. Achimwene anga ndiwo ananditenga kumudzi, cha ku Mitundu. Iwo anali atalembedwa kale ntchito yosakaniza simenti. Anauza amayi kuti, "Uyu kuno atimalizira mbuzi. Ndimutenge."

Kumene kuli City Centre lero kunali tchire, zulu za chiswe ndi fumbi lofiira. Mathirakitala ankagwetsa mitengo m'mawa, pofika madzulo pali msewu. Ma Area ankangotchulidwa manambala, nyumba kulibe, zikhomo zokhazokha. Tinkagona m'misasa ya malata pafupi ndi ntchito. Loweruka tinkatsikira ku Old Town, kuwoloka mlatho, kukaona masitolo ndi kudya kanyenya. Ntchito inali paliponse. Ukasiyana ndi kapitawo kuno, kutsidya akulemba tsiku lomwelo, osafunsa kalata.

Tsiku lina kapitawo anandituma misomali ku sitolo ya kampani. Panjira ndinapeza anthu akukweza thanki ya madzi ndi zingwe. Ndinagwira nawo chingwe. Pofika madzulo anali atandilemba ntchito. Misomali ija sindinapite nayo, ndipo palibe anandifunsa. Achimwene anakhala ndi kapitawo mmodzi zaka zonsezo. Ankandifunsa kuti, "Iwe, pansi pamakuwotcha?"

Nyengo imeneyo inandiyenera. Matabwa ndinaphunzira msanga. Manja anga anali achangu. Kukhoma mafelemu a zitseko, kuimika mitengo ya denga, zonse zoyambirira, ndinkazitha anzanga akadanola sowo. Zomalizira, monga maloko, mahinjesi ndi vanishi, zinkanditopetsa ndisanazigwire n'komwe. Koma kumbuyo kunkabwera gulu lina lomaliza, ine nditapita kale pa nyumba ina. Mzinda wonse unali wosatha, ndiye munthu wosamaliza zinthu sankaoneka.

Malole ankabwera kuchokera ku Zomba atasenza makabati a mafayilo, mabedi, mbaula, ana atakhala pamwamba pa matilesi. Banja lina la kumpoto linapatsidwa nyumba ya boma ku Area 3. Bambo wake anali kalaliki wamkulu, munthu wa tchalitchi, wovala tayi ngakhale Loweruka. Anabwera ndi mtsikana wantchito wa ku Zomba komweko. Ine ananditumiza kukakonza makabati a m'khitchini. Nditachoka ndinaona kuti hamala ndasiya. Ndinabwerera mawa lake, kutenga hamala, kusiya tepi. Nditabwerera tepi ndinasiya chipewa. Mtsikanayo anayamba kundisungira tiyi m'kapu yachitsulo. Sipanapite nthawi, tinakwatirana. Achimwene anali nkhoswe yanga.

Kenako ntchito zikuluzikulu zinatha. Makampani anapakira zida n'kupita. Achimwene anabwerera kumudzi kukalima fodya. Ine ndinatsala. Tinamanga ku Mchesi, ndipo ndinatsegula shedi ku Old Town, kuseri kwa sitolo ya mkulu wina wachisilamu wogulitsa nsalu. Apa panalibenso gulu lomaliza. Zonse zinali za ine ndekha.

Shedi inadzaza. Mipando yopanda chotsamira. Makabati opanda zitseko. Bedi la munthu wina wa ku Area 43 linakhala mpaka mwini wake anakagula lina. Sindinali waulesi. Ndinkafika m'mamawa, kuchoka dzuwa likulowa. Kungoti ndikagwira mpando, diso linkaona thabwa labwino la mlombwa pakona, mutu n'kuyamba tebulo. Mwini sitolo uja ankaima pakhomo la shedi ndi kapu ya tiyi.

"Amisiri, manja Mulungu anakupatsani. Koma mumasiya ntchito ngati mwamva kuti apolisi akubwera."

Ndinkaseka. Kunyumba akazi anga ndiwo ankakumbukira zonse: tsiku la sikelo, zofunika kusukulu, maliro a ndani, tinalonjeza chiyani kwa yani. M'mawa ankaima pakhonde. "Tepi? Pensulo? Makiyi?" Ine n'kumagwiragwira m'matumba. Tinakalamba choncho.

Atachoka ndinkaphika ndekha. Mapoto ndinapsereza. Ku Area 47 sindinapite. Tsiku lililonse ndinkati mawa.

Mwana wanga ndiye anabwera. Amagwira ntchito mu ofesi ku City Centre, ali pabanja, ali ndi galimoto. Anafika ku shedi Loweruka masana, anapukuta utuchi pa benchi, n'kukhala.

"Adadi, ndinapita kwa dokotala."

"Ukudwala?"

"Ayi. Kuntchito anatsala pang'ono kundichotsa. Malipoti osatha, mamitingi kuiwala, makiyi kutaya. Ndiye mnzanga anandiuza za dokotala wina woona za maganizo. Anandiyeza. Akuti ndili ndi ADHD."

"N'chiyani chimenecho?"

"Mutu wosakhazikika. Munthu amabadwa nawo. Mankhwala alipo, ndayamba kumwa. Ndiye dokotala anandifunsa kuti kodi kwanu alipo wina wotere? Adadi, ndinaseka mpaka misozi."

Anayang'ana shedi yonse, kuyambira pakhomo mpaka kukona. Kenako anayang'ana ine.

"Ine sindine wamisala," ndinatero.

"Palibe watchula misala."

"Likulu linachoka ku Zomba, koma chipatala cha amisala chinatsala komweko. Ukufuna ukandisiye kumeneko?"

"Aaa, Adadi inu! Ndi pa City Centre pompa. Mukangocheza nawo basi."

Ndinatenga sowo. Iye anaigwira.

"Amayi ati mukapita kukaonedwa, nkhani yobwerera kunyumba aiganizira."

Ndinasiya sowo. "Liti?"

Chipatalacho chinali m'mwamba mwa nyumba ina ya maofesi, imodzi mwa zakale zija. Mwina mafelemu ake ndinakhoma ndine, sindikumbuka. Dokotala anali mayi wachitsikana, msinkhu wa mwana wanga. Anandipatsa moni mwaulemu, n'kundiuza kuti sitithamanga.

Mafunso anali ambiri. Kodi mumataya zinthu? Eya. Munthu akamayankhula mumamva mpaka kumapeto? Nthawi zina. M'tchalitchi mumakhala mpaka ulaliki kutha? Ndimakhala pafupi ndi khomo. Mumagona bwanji? Mowa? Fodya? Munagwapo n'kumenyetsa mutu? Anandiuza mawu angapo kuti ndiwasunge, adzandifunsanso. Anandijambulitsa wotchi. Zimenezo ndinakhoza. Kumbuyo kwake kunali kabati, chitseko chake chitapendekeka. Ndinayamba kuganiza za sikuluu yoyenera pamenepo.

"Bambo?"

"Ee."

"Ndinafunsa kuti zimenezi zinayamba liti."

"Sindinamve."

Analemba. Kenako anati, "Bambo, kuiwala kumabwera ndi zinthu zambiri. Ukalamba, nkhawa, shuga, kusagona. Chimene tikufufuzachi sichiyamba munthu atakula. Chimayamba ali mwana. Ndiye ndikufuna munthu amene anakudziwani muli wamng'ono, andiuze mmene munalili. Makolo alipo?"

"Anapita."

"Aphunzitsi anu?"

"Manda okhaokha."

"Abale?"

"Achimwene."

"Mubwere nawo."

Ndinawaimbira foni. Ndinati dokotala akufuna kuwafunsa za ine. Anati, "Walakwanso chiyani?" Ndinati palibe. Anati, "Ndibwera."

Anatsika minibasi ku depoti atavala jekete la maukwati ndi maliro, nsapato zopolisha, ndodo m'manja. Ndi mmene ankavalira pobwera kudzakamba nkhani za banja langa. Nkhanizo zinalipo zingapo m'zaka zapitazo, ndipo nthawi zonse ankazimaliza bwino. Kwathu nkhoswe imakudzudzula kuseri kwa nyumba, koma pamaso pa anthu akwina imakuphimba. Ntchito imeneyo achimwene ankaidziwa.

M'minibasi yopita ku City Centre anandigwira bondo.

"Iwe ukakhale chete. Ndikayankhula ndine."

"Si mlandu, achimwene."

"Munthu wa mu ofesi akaitana mboni, ndi mlandu. Ukundiyesa mwana?"

"Akungofuna kudziwa."

"Onse amatero. Chete."

Dokotala anawalandira, n'kuwapatsa mpando wofewa. Achimwene anavula chipewa n'kuchiika pa bondo.

"Agogo, mng'ono wanuyu ali mwana anali wotani?"

"Wofatsa."

"M'kalasi ankakhazikika?"

"Ngati mwala, adokotala. Aphunzitsi ankachita kumuloza, kuti ana inu, onani mnzanuyu."

"Nanga sukulu anasiyiranji?"

"Umphawi."

"Mukamutuma ankafika?"

"Chothamanga. Malovu asanaume wabwera kale."

"Sankataya zinthu? Kuiwala?"

"Ameneyu? Ngakhale singano."

Ine ndinali chete monga anandiuzira. Ndinkakumbuka mbuzi zimene zinalowa m'munda wa eni ine ndikuumba ng'ombe zadothi kudambo. Ndinkakumbuka kutulukira pawindo la kalasi chifukwa ndamva lole ikudutsa. Amene ankandikwapula pa zimenezo anali achimwene omwewa. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene. Anandiponda phazi.

"Ndiye mukuti panalibe vuto lililonse?" anafunsa dokotala.

"Kwathu kulibe zimenezo, adokotala. Mtundu wathu ndi wa mitu yabwino. Mukhoza kukafunsa."

Panja anavala chipewa akumwetulira.

"Waona? Akanakubaya jakisoni ameneyo, n'kumangotuluka dovu. Ndakuwombola."

Ndinawagulira tiyi ndi sikono ku Old Town, n'kuwakweza minibasi. Sindinakwiye. Anachita zimene anabwerera.

Dokotala anandiitananso ndekha.

"Bambo, zimene munandiuza inu ndi zimene ananena achimwene anu sizikugwirizana."

"Ankanditeteza."

"Ndinaona. Koma sindingalembe zimene ndangoona pankhope. Mankhwala amenewa si opereka mongoganizira. Ndani wina wakhala nanu nthawi yaitali?"

"Akazi anga."

"Angabwere?"

"Kaya. Sali pakhomo."

Mwana wanga ndiye anakawapempha. Poyamba anakana. Anati za m'nyumba sanenera alendo. Ine ndinangodikira. Ndinkapita ku shedi, kubwerako, kugona. Patapita masabata anavomera.

Tinakumana pachipatala pomwepo. Iwo anabwera pa galimoto ya mwana, ine pa minibasi. Anali atanenepako pang'ono. Anandipatsa moni ngati wa pakhomo la tchalitchi.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Ndadzuka, kaya inu."

M'chipindamo munali mipando itatu. Anasiya wapakati. Dokotala anafunsa ngati ndikulola kuti ayankhule ine ndili pomwepo.

"Anene," ndinatero.

"Ndi munthu wabwino," anayamba motero akazi anga. "Samwa. Sanandimenyepo. Za akazi ena sindinamvepo."

Ndinati basi, zakhalanso ngati za achimwene.

"Zimenezo ndamva, mayi. Nanga mukamayankhula nawo amakumvani?"

"Chiyambi chokha."

Kuchokera apo sanaimenso. Mawu sanakweze. Ankangonena, chimodzichimodzi, ngati munthu wosankha nyemba m'lichero.

Ananena za hamala, tepi ndi chipewa za ku Area 3. "Ine ndinkayesa akusiya dala, kuti apeze chobwerera. Anzanga onse ankati mnyamata ameneyu wakufuna. Ndinadzazindikira tili kale m'banja kuti amasiya paliponse, ngakhale kumene kulibe mtsikana." Dokotala anafuna kuseka, n'kudzigwira.

Ananena za tsiku limene mwana wathu anabadwa. Ndinachoka kuchipatala kukatenga bulangete ndi phala. Panjira ndinakumana ndi munthu amene denga lake linasasuka ndi mphepo. Bulangetelo ndinafika nalo mawa lake. Ananena za chitseko cha kuchipinda kwathu, chimene ndinachipala bwinobwino ana ali aang'ono, n'kuchitsamiritsa kukhoma. Pakhomopo panakhala chitenje zaka zonsezo. Ananena za makomo a anthu amene anakagwadako kupepesa chifukwa cha mipando yosatha, ku Area 3, ku Area 43, agalu akuwauwa pageti. Za kupepesazo ndinazimva koyamba tsiku limenelo.

Ananena za maliro a amayi awo ku Zomba. Iwo anatsogola. Ine ndinati bokosi ndipanga ndekha, ndibwera nalo pa lole. Ndinalipanga osadya, osapuma. Linatha, koma ndinaona kuti m'mbali mukufunika maluwa osema. Lole inanyamuka n'kundisiya. Ndinafika anthu akuchokera kumanda. Apongozi anawaika m'bokosi limene amuna a m'mudzimo anakhoma mofulumira ndi matabwa a chitseko.

Zimenezi ndinkazidziwa. Koma ndinkazidziwa padera padera, chilichonse ndi chifukwa chake. Mphepo. Lole. Mahinjesi osapezeka. Ndinali ndisanazimvepo zili pamzere. Ndinakhala pampandopo ngati akunena za munthu wina wa ku Mchesi amene ndimamudziwa nkhope yokha. Manyazi sanabwere. Mkwiyo sunabwere. Ndinkangomva fani ikuzungulira.

"Za ubwana wawo mukudziwapo kanthu?" anafunsa dokotala.

"Amayi awo anandiuza titangokwatirana. Anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Anati, mwana wanga, uyu ukamamutuma uzimutuma chinthu chimodzi. Ukamutuma ziwiri abwera ndi chachitatu. Anati ali wamng'ono ankamumangirira kumtengo ndi chingwe akamalima, apo ayi ankakamupeza kudambo. Aphunzitsi anachita kubwera kunyumba kudzanena kuti mwanayu nzeru ali nazo, koma pa benchi sakhalapo."

Dokotala analemba nthawi yaitali. Kenako anaika cholembera pansi. Anati zimene wamva zakwana. Anati ndi ADHD yomweyo, ndipo ndakhala nayo moyo wanga wonse. Si misala, si ulesi, si kulodzedwa. Ubongo wanga umavutika kugwira chinthu chimodzi, pokhapokha chikakhala chatsopano kapena chondikomera kwambiri, ndipo ukachigwira umaiwala nthawi. Anafunsa ngati ndili ndi funso.

"Zimatha?"

"Sizitha. Zimachepa."

Anatembenukira kwa akazi anga. "Mayi, inu?"

"Ayi. Ndamva."

Chifukwa cha msinkhu wanga anayamba wandiyeza mtima ndi kuthamanga kwa magazi. Zinali bwino. Anandiyambitsa kapiritsi kakang'ono ka m'mawa, n'kunena kuti ndizibwera kudzaonedwa. Anatinso ndizigwira ntchito imodzi, zina zonse ndiziphimbe ndi lona kuti diso lisazione. Mwana wanga anandiikira belu pa foni lokumbutsa mankhwala ndi kudya.

Tsiku la umbonilo, potuluka, akazi anga analowa m'galimoto. Anatsitsa galasi. "Muzidya," anatero. Galimoto inapita. Ine ndinayenda wapansi mpaka ku Old Town. Ndinakhala pa benchi mu shedi mpaka nthawi yotseka, osagwira kanthu.

Tsiku loyamba la mankhwala ndinamwera tiyi, n'kupita ku shedi. Dzuwa litakwera pang'ono ndinamva ngati chigayo chazima. Ukakhala pafupi ndi chigayo suchimvanso, umadzachimva chikazima. Ndinatenga mpando umodzi wopanda chotsamira. Ndinauikira chotsamira. Ndinaupala, ndinaupaka vanishi. Nditayang'ana kunja, anthu anali akupita ku mzikiti kukapemphera masana. Mpando unali utatha. Ndinauyang'ana. Sindinasangalale. Ndinangoti, kani anthu ena amakhala chonchi kuyambira kubadwa. Ndinatenga wina.

Njala inathawa. Pakamwa pankauma. Masabata oyamba tulo tinkachedwa. Dokotala anasintha kamwedwe, zinakhalako bwino. Mwezi wina mankhwalawo anasowa, mpaka anachita kuitanitsa kunja. Chigayo chinayambanso, ndipo ndinayamba matebulo osawamaliza. Mankhwala atabwera ndinawamaliza.

Mkulu wa nsalu uja anamwalira kalekale. Sitolo akuyendetsa ndi mwana wake. Anaona kuti shedi ikuphwa.

"Madala, mwayamba kupemphera kwina?"

"Mapiritsi."

"Mundigawireko. Ndili ndi mlamu wanga, ameneyo afunika katoni yonse."

Kunyumba ndinaika chitseko chija. Inali ntchito ya m'mawa umodzi. Chitenje ndinachapa, n'kupinda. Achimwene anaimba foni kufunsa ngati mlandu unatha. Ndinati unatha. Anati, "Ndinakuuza."

Mvula itasiya ndinapita ku Area 47, Lamulungu masana. Misewu ya kumeneko ndi yachete, mipanda ya njerwa yokhayokha. Mlonda ananditsegulira geti. Mwana wanga ndi amuna ake anandipatsa moni, n'kupeza chochita m'nyumba.

Akazi anga ankakhala m'kanyumba ka kuseri. Anali atalima mpiru ndi tomato m'mbali mwa mpanda. Ananditulutsira mpando, iwo n'kukhala pa mphasa.

"Ndamva kuti mukumaliza ntchito."

"Eya."

"Mwaonda."

"Ndi mankhwala."

"Mukudya?"

"Foni ikalira." Kenako ndinati, "Ndabwera kudzakutengani."

Anapukuta manja pa chitenje.

"Ndiyankhule, bambo. Musandidule."

"Nenani."

"Tsiku lija ndinapita kwa dokotala kuti ndikuthandizeni. Ndinali nditatsimikiza kuti mukayamba mankhwala ndibwerera. Zovala ndinali nditayamba kale kupinda. Koma ine zinthu zija ndinali ndisanazinenepo zonse pamodzi. Ndinkasenza chimodzi, n'kutula, n'kusenza china. Tsiku lija ndinaziunjika malo amodzi, ndinaona mulu wake. Nditafika kuno ndinagona osadzuka, mwana anayesa ndi malungo."

Nkhuku inadutsa pakati pathu. Ndinaiona, koma maso sanaitsatire.

"Sindikukuimbani mlandu. Dokotala ananena, ndinamva. Koma zaka zonse zija ine ndinkati munthuyu akanafuna akanasintha. Ndiye ndinkadikira tsiku loti mufune. Ndinkapemphera, ndinkasala kudya. Ndinkati mwina vuto ndine, mwina sindiyankhula bwino, mwina sindimukomera. Lero akundiuza kuti panalibe choti ndidikire. Kanali kapiritsi. Kapiritsi, bambo. Ine utsikana wanga wonse."

Anasiya. Anachotsa kaudzu pa mphasa n'kukataya.

"Kuno ndimadzuka osaganiza kuti lero aiwala chiyani. Sindinkadziwa kuti mutu umatha kupepuka chonchi. Ndikabwerera ku Mchesi ndiyambanso kukuyang'anirani, ngakhale mutamaliza mipando yonse ya mu Lilongwe. Maso anga anazolowera. Sindikufuna. Ukwati sindikuthetsa, ankhoswe musawavutitse. Muzibwera Lamulungu, tizidya limodzi. Mukadwala ndibwera. Koma kukhala, ndikhala kuno."

Ndinamva mawu onse, kuyambira oyamba mpaka omaliza. Palibe amene anandidutsa.

"Ndamva," ndinatero.

"Ndaona kuti mwamva."

Anadzuka, anathyola mpiru, n'kuumanga m'pepala. Anandiperekeza mpaka pageti. Mwana wanga anafuna kundipititsa pa galimoto. Ndinakana.

Nditapita kukaonedwa, dokotala anafunsa ngati amayi anabwerera. Ndinati ayi. Anafunsa ngati ndikufuna kupitiriza mankhwala, popeza chimene ndinabwerera sichinatheke. Ndinati ndipitiriza. Anafunsa chifukwa. Ndinati Lamulungu ndikapita ku Area 47 akazi anga amayankhula zambiri: za kutchalitchi, za nsabwe za mu mpiru, za abale awo a ku Zomba amene akuti anandiuzapo kale. Ndimamva zonse. Tikadya ndimanyamuka dzuwa lisanalowe, chifukwa Lamulungu minibasi za ku Old Town zimatha msanga.